Ndalama za mlimi zimathawa mu Juni, osati mu Febuluwale

Nkhani yosamala ndalama pakhomo imakonda kumveka mu Januwale ndi Febuluwale. Ndi nthawi imene mayi amayamba kuyeza ufa ndi kapu, sopo n'kumudula tizidutswa, phala n'kumamwedwa lopanda shuga. Ambiri amati kumeneko ndiko kusamala. Ine ndimati imeneyo ndi njala chabe, ndipo munthu wanjala sasankha. Munthu amasamala pamene ali ndi choti asamale, ndipo kwa mlimi wa kuno nthawi imeneyo ndi yaifupi: kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, chimanga chili mbwee pabwalo, soya ndi mtedza zili m'matumba, ndalama ya fodya yangolowa kumene. Zimene banja limachita m'miyezi inayi imeneyi ndi zimene zimagamula ngati mu Febuluwale lidzakhale m'munda mwake kapena m'munda mwa eni likupalira ganyu.

Sindikukana kuti zinthu zavuta. Mu Meyi 2022 ndalama ya kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 idatsitsidwanso ndi 44 peresenti, ndipo mchere, sopo, mafuta ophikira ndi feteleza zidakwera osabwereranso. Namondwe wa Freddy adakokolola minda m'chigawo cha kummwera mu Malichi 2023, chaka chotsatira kudabwera ng'amba. Zimenezi mlimi wa ku Mitundu kapena ku Thondwe sangazisinthe, ndipo amene mvula idamulanda zonse sindingamuuze kuti asunge chimene alibe. Ndikuyankhula ndi mlimi amene wakolola ndithu, kaya matumba 10 kaya 40, koma chaka ndi chaka amapezeka ali pamzere wogula chimanga mu Januwale. Alimi otere ndi ambiri kuposa mmene timaganizira.

Tiyambe ndi kuwerenga matumba. Funso limene ndimafunsa banja lililonse ndi ili: thumba la chimanga la makilogalamu 50 limatha masiku angati pakhomo panu? Abambo ambiri sadziwa, amayang'ana mayi. Mayi amadziwa, ngakhale sadafunsidwepo. Tiyerekeze kuti limatha masabata atatu. Chaka chili ndi masabata 52, ndiye kuti banja limenelo likufunika matumba 17 kapena 18 kuti lifike pa kukolola kwina. Koma musaime pamenepo. Kumudzi kuno sitidya tokha. Kugwa maliro, mupereka ufa. Kubwera alendo ochokera kuchimuna, akhala sabata. Kutchalitchi kuli za masika, kusukulu akufuna chimanga cha phala, agogo a ana kutsidya sadakolole. Zonsezi si zangozi, zimachitika chaka chilichonse, kotero onjezerani matumba awiri kapena atatu. Mukapeza 20 kapena 21, amenewo ndi matumba osakhudza. Aikeni pambali, alembeni ndi khala ngati kuli kofunika. Otsalawo ndiwo mungayambe kukambirana zogulitsa.

Kuwerengaku kuchitike bambo ndi mayi ali limodzi, ndipo ana okulirapo amve nawo. Chiwerengero chodziwa munthu mmodzi sichiteteza nkhokwe. Mayi akadziwa yekha, bambo adzatulutsa matumba awiri tsiku la msika akuganiza kuti chimanga n'chambiri. Bambo akadziwa yekha, chimanga chidzatuluka pa mbale.

Mbaleyi ndiyo mbava yaikulu ya miyezi yokolola, ndipo imaba masana aliyense akuona. Chimanga chikangofika pakhomo, m'mudzi mumadzaza anthu a njinga. Wina wanyamula usipa, wina mabeseni ndi makapu apulasitiki, wina zovala zakaunjika, wina tomato. Safuna ndalama, amati ingothirani chimanga m'mbalemu. Popeza sitikutulutsa ndalama m'thumba, timaona ngati tapeza chaulere. Mwana akufuna zitumbuwa, katape m'dengumo. Mnyamata akufuna kukaonera kanema pa sitolo, watapa chamseri. Werengani nokha: ngati pakhomo patuluka kilogalamu imodzi yokha ya chimanga tsiku lililonse kwa masiku 120, atuluka makilogalamu 120, kuposa matumba awiri. Zikakhala mbale ziwiri patsiku, ndi pafupifupi matumba asanu. Matumba asanu pa banja la chitsanzo chathu lija ndi chakudya cha masabata 15, kutanthauza Januwale, Febuluwale ndi Malichi yense. Ndiye wanjinga uja amaseka chifukwa akudziwa kuti beseni wakupatsaniyo mtengo wake sufika pa chimanga mwamuthirira, ndipo chimanga chomwecho adzakugulitsani yekha mvula ikagwa.

Lamulo lake n'losavuta kunena: pakhomo pasatuluke chimanga chosinthanitsa ndi katundu. Ngati mukufuna beseni, gulitsani chinthu pa sikelo, mugwire ndalama m'manja, mufunse mtengo wa beseniyo. Ndalama ili m'manja imapweteka potuluka, n'chifukwa chake munthu amaganiza kawiri.

Wina anena kuti, alangizi, mukuyankhula ngati simukudziwa kuti mu Meyi timakhala ndi ngongole, ana alibe zovala, denga likudontha. Ndikudziwa. Ndalama imafunikadi, ndipo pali china choyenera kugulitsidwa. Koma pali ndondomeko yake. Ziyambe kutuluka ndi mbewu zimene mudalimira msika: fodya, soya, mpendadzuwa, thonje, mtedza wina. Chimanga chikhale chomaliza, ndipo chikhale chokhacho chapitirira pa matumba osakhudza aja. Zaka zambiri mtengo wa chimanga umakhala pansi penipeni nthawi yokolola n'kukwera kwambiri pofika Januwale, nthawi zina kuwirikiza. Amene wagulitsa matumba awiri mu Juni akhoza kudzagula limodzi lokha ndi ndalama yomweyo. Zoona, sizikhala choncho chaka chilichonse. Mu 2017 dziko lidakolola kwambiri, mitengo idagwa ndipo idakhalitsa pansi, moti amene adasunga kuti adzapindule adadandaula. Koma amene adasunga chakudya cha ana ake sadaluze kanthu, adadya. Kusunga chimanga choti mudzagulitse ndi malonda, akhoza kukomera kapena kukuwawirani. Kusunga chakudya ndi nkhani ina.

Pogulitsapo samalani ndi sikelo. Chaka chilichonse unduna wa zamalimidwe umalengeza mitengo yoyambira kugulira mbewu, ndipo ndi bwino kuidziwa musanakumane ndi venda, ngakhale tonse tikudziwa kuti si onse amaitsata. Sikelo yovomerezeka imakhala yoyesedwa ndi a Malawi Bureau of Standards. Njira yachidule yodzitetezera ndi kunyamula chinthu chimene mukudziwa kulemera kwake, monga paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi yosatsegula, n'kuyamba mwaikoleka pa sikeloyo. Wogula akakwiya ndi zimenezo, mwadziwa kale. Za kugulitsa pa ndowa yosungunulidwa pamoto kuti ikule mimba, kapena yodzaza mpaka chimanga kupanga phiri pamwamba, zisiyeni. Alimi a m'kalabu kapena m'kopaletivu amene amasonkhanitsa mbewu zawo n'kugulitsa pamodzi savutika kwambiri ndi zimenezi, chifukwa wogula matani asanu sabwera ndi ndowa.

Chimanga mwasungacho chili ndi adani ena. Kusunga matumba 20 n'kulola anankafumbwe adye awiri n'chimodzimodzi kutaya ndalama ya matumba awiri m'chimbudzi. Makamaka nankafumbwe wamkulu uja, amene adalowa m'dziko muno kudzera ku Karonga kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, sachita nthabwala: amaboola chimanga chili pachitsononkho, amaboola ndi mitengo ya nkhokwe yomwe, n'kusiya ufa wokhawokha. Masiku ano kusunga chimanga chosatonola m'nkhokwe kwa chaka chonse ndi kumuitanira phwando. Tonolani, petani, umitsani bwino. Ngati mukukayika kuti chauma, tengani botolo lagalasi louma, muthiremo chimanga pang'ono ndi mchere wouma masupuni awiri kapena atatu, mutseke n'kukhutchumula, kenako mulisiye kanthawi. Mchere ukamamatira m'mbali mwa botolo, chimangacho chikadali ndi chinyontho, chibwezereni padzuwa. Chimanga chonyowa chimachita chuku, ndipo chuku china chimakhala ndi poizoni amene sachoka ngakhale muphike.

Chikauma muli ndi njira ziwiri. Yoyamba ndi mankhwala a ufa monga Actellic, ogula m'sitolo yovomerezeka yogulitsa zipangizo zaulimi, othira motsatira muyezo wolembedwa pabotolo. Mankhwala ogula pamsika m'kapepala kopanda dzina ndi amene amatipweteka: mumalipira, anankafumbwe n'kumangonenepa. Yachiwiri ndi matumba osalowa mpweya, amene ambiri amawadziwa kuti PICS, okhala ndi mapulasitiki awiri mkati ndi saka kunja. Mukamanga bwino pulasitiki iliyonse payokha, tizilombo timafa tokha posowa mpweya, popanda mankhwala. Thumba lotere ndi lodula kuposa saka wamba, ndipo ndi pamene ambiri amabwerera. Koma limagwira ntchito zaka zingapo ngati silidabooke, ndiye mtengo wake muziugawa pa zakazo. Mdani wake ndi khoswe ndi mwana wa kamtengo kosongoka. Sanjikani matumba pa mitengo kapena matabwa, asagunde pansi kapena khoma.

Tsopano kuchigayo. Apa ndikudziwa kuti ndikhumudwitsa ena. Ufa woyera timaukonda, nsima yake ndi yofewa ndipo mlendo amaona kuti walemekezedwa. Koma taonani ulendo wake. Mumalipira kukonola, madeya n'kuchoka. Mumaviika mphale masiku angapo, zina n'kutayika ndi madzi. Mumalipiranso kugaya. Pofika m'dengu, thumba lija latsika kwambiri, nthawi zina ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Mgaiwa mumalipira kamodzi, ufa umabwera pafupifupi wonse, umakhalitsa m'mimba ndiponso uli ndi zofunika m'thupi zimene zimachoka ndi madeya. Sindikuti ufa woyera uthe. Koma banja limene matumba ake ndi osakwana likamadya ufa woyera kuyambira Meyi, likudzifupikitsira chaka lokha. Yambani ndi phala la ana, kenako nsima ya masana. Mkamwa muzolowera. Ndipo mukakonola, madeya musawasiye kuchigayo. Ndi anu, mudalipira. Ndi chakudya cha nkhuku ndi nkhumba, ndiponso amalowa mu manyowa a Mbeya. Mwini chigayo amawasonkhanitsa n'kugulitsa, mwina kwa inu nomwe.

Tibwere ku zogula za tsiku ndi tsiku. Wosauka amagula modula kuposa wolemera, ndipo chifukwa chake ndi timiyezo. Mafuta a m'kachubu, shuga wa m'kapepala, mchere wa pa supuni, kachidutswa ka sopo: chilichonse chimaoneka chotchipa chifukwa ndalama yake ndi yochepa. Koma wogulitsayo adagula botolo lathunthu, n'kuligawa, n'kuikapo phindu pa kagawo kalikonse. Dziyesereni tsiku lina. Gulani kamuyezo kamodzi ka mafuta, muone kuti timiyezo tingati totere tingadzaze botolo la lita imodzi, muchulukitse ndi mtengo wake, kenako mufunse mtengo wa lita m'sitolo. Mu Febuluwale simungachitire mwina, mugula kachubu. Koma mu Juni, ndalama ya soya ili m'manja, mungathe kugula mchere wa chaka chonse, sopo wa miyezi ingapo ndi machesi a paketi. Mchere suola, umangofuna chotengera chotseka ndi malo ouma. Sopo wamtanda mukamudula n'kumusiya aume pamalo opita mphepo amalimba ndipo sasungunuka msanga pochapa.

Amayi ena amandiyankha kuti zinthu zikachuluka m'nyumba zimathanso msanga, dzanja limalemera pothira, ndipo anansi akadziwa sasiya kubwera ndi kambale. Akunena zoona. Mankhwala ake ndi kutulutsa za sabata imodzi m'kabotolo kakang'ono, zotsalazo n'kutsekera kuchipinda. Za anansi, kupatsana ndi khalidwe lathu ndipo mawa mudzapempha ndinu, koma palibe lamulo loti mudzi wonse udziwe kuti mwagula bandulo ya sopo. Ngati ndalama yanu siikwana kugula chachikulu, sonkhanani mabanja atatu kapena anayi, mutume munthu mmodzi ku sitolo yogulitsa zambiri pa boma kapena pa tauni, mudzagawane. Mwapulumutsanso ndalama ya kabaza, imene ambiri saiwerengera. Ulendo wa njinga yamoto wokagula chinthu chimodzi umatha kudya ndalama yoposa chinthucho.

Ndiwo ndiye zimandimvetsa chisoni. Mlimi kugula masamba mu Sepitembala, pamene mu Febuluwale nkhwani, khwanya, chitambe, bonongwe, chisoso ndi denje zinali kungoonongeka m'munda! Agogo athu ankafutsa, n'kusunga mfutso m'zikwatu, ndipo chilimwe chonse ankadya. Ife tayamba kuona mfutso ngati chakudya cha osauka, n'kumapereka ndalama tsiku lililonse pa kamtolo ka mpiru kofota. Masamba ofutsa aumitsidwe pamthunzi popita mphepo kapena padzuwa losaopsa, pa mphasa yoyera, osati pansi pomwe nkhuku zikupalasa. Kuseri kwa nyumba kukhale kadimba ka mabedi awiri kapena atatu, kotchinga ndi udzu, kothirira ndi madzi otsukira mbale ndi ndiwo, bola asakhale a sopo wambiri. Mpiru, bonongwe, anyezi ndi mitengo ingapo ya tomato zimakwana pamenepo. Kholowa ndi chigwada sizifuna n'komwe kusamalidwa kwambiri. Ndipo mtedza musagulitse wonse. Nsinjiro zimalowa m'malo mwa mafuta ophikira, ndiwo zotendera mwana amadya mpaka kunyambita mbale. Ndi zodabwitsa kugulitsa mtedza wonse motchipa mu Meyi n'kumagula mafuta modula chaka chonse. Chimodzimodzi nyemba, nandolo, khobwe ndi soya: siyani ndowa zingapo. Magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene a zaumoyo amatiphunzitsa, ambiri mwa iwo amamera m'munda mwanu momwemo.

Nkhuku zachikuda ndi ndiwo, ndi ndalama ya mwadzidzidzi, ndi mphatso ya mlendo. Koma chaka chilichonse chitopa chimasesa makola m'nyengo yotentha, eni ake akuonerera. Katemera wa I-2, wodonthezera dontho limodzi m'diso, alipo, ndipo mtengo wotemera nkhuku imodzi ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi mtengo wa nkhukuyo. Amafunika kubwereza pakatha miyezi itatu kapena inayi, ndipo atemeredwe nkhuku zisadayambe kudwala. Funsani alangizi a ziweto m'dera lanu. Kukana kulipira katemera kuti musunge ndalama ndi chitsanzo cha kusamala kwabodza, pamodzi ndi kugula mbewu yopaka utoto pamsika, ndi kuchedwa kupita ndi mwana kuchipatala poopa ndalama ya njinga.

Za nkhuni ndingodutsapo. Kumene mitengo idatha, nkhuni ndi makala zasanduka ndalama. Mbaula ya dothi ya chitetezo imadya nkhuni zochepa kuposa mafuwa atatu, ndipo imayaka ndi tinthambi, zitsononkho ndi mapesi a nandolo. Nyemba zoviika usiku zimapsa msanga. Poto wovindikira amawira msanga. Izi amayi amazidziwa kale kuposa ine.

Apa mpamene ndikufuna kuyankhula ndi abambo anzanga. Uphungu wosamala ndalama nthawi zambiri umalunjika kwa amayi: achepetse mafuta, achepetse shuga, asamale sopo. Koma tikaika pa sikelo, supuni ya mafuta imene mayi wapyoza muyezo ndi ndalama imene bambo wasiya pa malo omwera tsiku limodzi la msika, sikelo ipendekera kuti? M'madera a fodya zimadziwika: ndalama ikangotuluka ku Kanengo, ku Chinkhoma, ku Limbe kapena ku Mzuzu, pali abambo amene amasowa pakhomo sabata yathunthu, n'kubwera ndi wailesi, buledi ndi nkhani zambiri. Fodya ameneyo adasoka ndi mayi, adanyamula ndi ana. Masiku ano kwabweranso kubetcha pa foni. Mnyamata amene sangagule paketi ya mbewu ya masamba amaika ndalama tsiku lililonse pa timu ya ku England, akuti tsiku lina idzagwa yaikulu. Makampani amenewo amalipira antchito ndi nyumba zawo kuchokera kwa oluza, ndipo oluzawo ndi ife.

Sindine m'busa, sindikuletsa munthu chikho chake. Ndikungoti chikhale ndi malire odziwika, otchulidwa pamaso pa mayi tsiku lomwe mukuwerenga matumba. Bambo amene akufuna kuti mkazi wake amuuze kumene kwapita ndalama ya mchere ayambe iye kunena ndalama yonse imene yatuluka ku okushoni. Foni nayo ili ndi kamlomo kake. Mayunitsi ogula pang'onopang'ono, kutchaja pa sitolo, ndi kutapa ndalama ku Airtel Money kapena Mpamba kangapo pa sabata, pomwe ulendo uliwonse pali yodula, zonsezi zikaphatikizidwa pamwezi zimakwana botolo la mafuta. Tapani kamodzi yokwanira zimene mwakonza kugula.

Chilimwe ndi nyengonso ya zinkhoswe, maukwati, zinamwali ndi ziliza. Miyambo imeneyi ndi yathu ndipo ndiyo imamanga abale. Maliro sapangana, amenewo tiwasiye. Koma chiliza chimapanganika, ukwati umapanganika. Ndaonapo mabanja akuphika matumba asanu ndi kupha mbuzi ziwiri pa tsiku limodzi la chiliza, chifukwa choopa kuti anthu anena, miyezi inayi yotsatira ana a womwalirayo n'kumagona ndi njala. Anthu onenawo sabwera ndi ufa mu Febuluwale. Ngati chaka chino zokolola zavuta, mwambo ukhoza kudikira chaka chamawa, kapena abale onse asonkhe mofanana m'malo mosenzetsa amene wakolola bwino. Akuluakulu a banja ndi mafumu akhoza kuthandiza kwambiri pongonena poyera kuti kuchepetsa si manyazi.

Nanga ndalama yapulumukayo ipite kuti? Ikakhala m'thumba kapena pansi pa mphasa siifika Okutobala, ndipo mmene mitengo ikukwereramu, ngakhale itafika idzakhala itafooka. Isandutseni chinthu chimene mudzachifune ndithu. Choyamba ndi zipangizo za ulimi wa chaka chamawa. Feteleza wotsika mtengo wa boma safikira aliyense, ndipo amene amufikira nthawi zina amamupeza mochedwa. Mlimi amene wagula thumba lake limodzi la NPK mu Julayi kapena Ogasiti, n'kulisanjika pa matabwa m'chipinda chouma, amathira wokulitsa pa nthawi yake, n'kubwereza wobereketsa patatha masiku 21, pamene mnzake akadali pamzere. Thumba likachepa, ambiri akulitambasula popanga manyowa a Mbeya: makilogalamu 10 a feteleza, 10 a madeya, 10 a phulusa ndi 20 a ndowe zouma zopondaponda, kuwaza madzi pafupifupi malita 5, kumanga m'thumba la pulasitiki mkati n'kusiya masiku 21. Musanamizidwe kuti thumba limodzi lasanduka matumba asanu a mphamvu yofanana ndi feteleza weniweni, ayi. Koma pophatikiza ndi manyowa a m'khola ndi a kompositi, amene safuna ndalama koma thukuta la mu Juni ndi Julayi, munda umasintha ndipo nthaka imasunga chinyontho.

Chachiwiri ndi za sukulu. Sukulu zimatsegulira mu Sepitembala, aliyense amadziwa, komabe yunifomu ndi makope zimatipeza ngati ngozi. Guliranitu mu Julayi. Teremu ya Januwale ndiyo yoopsa kwambiri chifukwa imakumana ndi njala ndi kupalira, ndiye ndalama yake ikhale itaikidwa kale penapake. Mbuzi yaikazi yogula nthawi yokolola ndi malo abwino oikapo, chifukwa imaswa, imapereka manyowa, ndipo simungaitape pang'onopang'ono ngati ndalama ya m'foni. Kumbukirani kokha kuti mu Januwale aliyense amagulitsa mbuzi, mitengo n'kugwa, ndiye isakhale chiyembekezo chanu chokha.

Zonsezi cholinga chake n'chakuti musadzagwe m'manja mwa katapila ndi ganyu. Wakatapila amakupatsani thumba limodzi mu Januwale kuti mudzabweze awiri mu Meyi, kapena amagula soya wanu akadali m'munda pa mtengo wa chisoni. Mukatero, chaka chamawa mwachiyamba muli kale m'dzenje. Ganyu naye ali ndi mtengo wobisika. Masabata amene mukupalira m'munda mwa wina kuti mupeze ufa wa lero ndi omwewo amene chimanga chanu chikulimbana ndi udzu, ndipo chimanga chochedwa kupaliridwa m'masabata oyambirira sichibwereranso mwakale ngakhale muthire feteleza. Kukolola kumachepa, matumba osakhudza aja sakwana, chaka chinacho ganyu yemweyo.

Mabanki a m'mudzi, amene timawatcha banki mkhonde, athandiza mabanja ambiri, makamaka amayi, kuika ndalama pamalo pomwe dzanja silifika msanga. Ndimawalimbikitsa, koma ndi machenjezo awiri. Loyamba, ngongole ya m'gulu ili ndi chiwongoladzanja cha pamwezi, ndipo m'magulu ambiri n'chokwera ndithu. Ndi yoyenera geni imene ibweze ndalamayo msanga, osati chitenje cha ukwati kapena nyama ya Khirisimasi. Kulowa magulu atatu n'kumakongola kuno kuti mubweze uko kwathetsa mabanja ndi kulanditsa malata.

Lachiwiri ndi tsiku logawana. Magulu ambiri amagawana ndalama mu Disembala, sabata imodzi kapena ziwiri Khirisimasi isanafike. Nthawi imeneyo mvula idagwa kale, kubzala kudachitika, feteleza wokulitsa adachedwa, ndipo misika yadzaza ndi zovala za ana, mpunga ndi zakumwa. Ndalama imene mayi wasonkha chaka chonse imatha m'masiku khumi. Palibe lamulo lochokera kwina lokakamiza mwezi umenewu, ndi mamembala eni ake amene amalemba malamulo a gulu. Gulu la alimi likhoza kugwirizana kuti chaka chake chiziyamba mu Novembala n'kutha kumayambiriro kwa Okutobala, kuti ndalama izituluka pamene mbewu ndi feteleza zili m'sitolo ndipo mizere ikadali kuuma. Magulu ena amachita kutumiza anthu awiri kukagula zipangizo za onse tsiku lomwelo logawana, aliyense n'kulandira thumba lake m'malo mwa ndalama. Ngati gulu lanu lili pakati pa chaka, nkhaniyi ikambidwe pa msonkhano wa mwezi uno, kuti pomadzayamba chaka china tsikulo likhale litasinthidwa kale m'buku.